Bambo Gonçalo da Silveira, Wansembe Wodzera ku Sena ndi ku Tete

Gonçalo da Silveira anabadwira ku Almeirim, m'dziko la Portugal, pa 23 Febuluwale 1526, m'banja la anthu omveka. Mai ake anamwalira iye ali wakhanda, ndipo analeredwa ndi mlongo wake. M'chaka cha 1543 analowa m'chipani cha Ayezuiti ku Coimbra, ndipo pambuyo pake anatumidwa ku India, kumene anakhala mkulu wa Ayezuiti onse a chigawocho.

M'chaka cha 1560 anachoka ku Goa pamodzi ndi Bambo André Fernandes ndi Mbale André da Costa. Atafika ku Inhambane anagwidwa malungo aakulu, nakhala pafupi kufa ntchito asanaiyambe. Atapezako bwino anapita ku Tongue, kumene anabatiza mfumu Gamba ndi anthu ake ambiri. Anzake aja anawasiya komweko, iye nakwera mtsinje wa Zambezi, kudzera ku Sena ndi ku Tete, kulinga ku likulu la Mwene Mutapa. Njira yotsala anayenda pansi, atasenza yekha mwala wa pa guwa ndi chikho cha Misa, naoloka nazo mitsinje yodzala ndi madzi a dzinja. Anafika pa nyengo ya Khirisimasi.

Mfumu Negomo, amene anali akali mnyamata, anamlandira ndi golide, ng'ombe ndi antchito, koma mlendoyo anabweza zonse. Anthu anazizwa, pakuti Mzungu wokana golide anali asanamuonepo. Chimene chinakopa mfumu ndicho chithunzi cha Maria Virgo Woyera chimene wansembeyo anabwera nacho. Posakhalitsa inabatizidwa, nilandira dzina la Sebastião, mai ake natchedwa Maria, ndipo ena ngati 300 anatsatira. Kunena zoona, ubatizowo unafulumira, ndipo chiphunzitso chinali chisanazike mizu.

Amalonda a kugombe, poopa kuti malonda a golide agwera m'manja mwa Apwitikizi, anauza mfumu kuti mlendoyo ndi kazitape ndi mfiti, ndi kuti madzi a ubatizo ndi mankhwala olandira dziko. Mfumu inakhulupirira. António Caiado, Mpwitikizi wokhala pa likulupo, anamchenjeza, ndipo mpata wothawa unalipo. Bambo Gonçalo anakana. Kuthawa kukadatsimikiza bodza lija, ndiponso kukadasiya akhristu a masabata owerengeka opanda mbusa. Moyo wake anali ataupereka kale kwa Mulungu, ndipo sanafune kuulandanso.

Tsiku lotsiriza, pa 15 Malichi 1561, anabatiza anthu ena 50, namvetsera kulapa kwa Apwitikizi amene analipo, natumiza zipangizo za Misa kwa Caiado kuti zingadetsedwe. Usiku anavala mkanjo wake, nayendayenda pabwalo akupemphera kufikira pakati pa usiku. Atatopa anagona pamphasa pafupi ndi mtanda. Pamenepo anthu a mfumu analowa, nampotola khosi ndi chingwe, nataya mtembo wake mumtsinje wa Musengezi. Anali ndi zaka 35.

Chomvetsa chisoni ndi ichi, kuti imfa ya munthu amene sananyamule chida inasanduka chifukwa chimodzi cha nkhondo. M'chaka cha 1569 Francisco Barreto anachoka ku Lisboa ndi asilikali kukalanga Mutapa ndi kufuna migodi ya golide. Malungo anawatha ambiri a iwo, ndipo Barreto mwini anafera ku Sena m'chaka cha 1573.