Guglielmo Marconi, Mmisiri wa Wailesi

Anthu ambiri amapotoza kachitsulo ka wailesi pofuna nyumba ya mphepo imene aikonda, osadziwa mavuto amene amisiri anaona kuti zimenezi zitheke. Mmodzi wa amisiriwo ndiye Guglielmo Marconi, amene anabadwira ku Bologna m'dziko la Italy pa 25 April 1874.

Ali mnyamata anawerenga za mafunde osaoneka amene Heinrich Hertz anawatulukira, ndipo anayamba kuyesa kutumiza lamya popanda chingwe. M'chaka cha 1895, pa munda wa atate ake ku Pontecchio, anaimika waya m'mwamba nakwirira wina m'nthaka, ndipo chizindikiro chake chinamveka kuseri kwa phiri. Chaka chotsatira anamuka ku London pamodzi ndi amai ake, nakayamba ntchito kumeneko.

Koma panali vuto lalikulu. Makina awiri akatumiza mau nthawi imodzi, wolandira ankangomva chisokonezo, monga anthu olankhulira pamodzi pabwalo. Mankhwala ake anali otere: waya wokulunga ngati nkhata akalumikizidwa ndi condenser, ndiko kachipangizo kosunga magetsi pang'ono, magetsiwo amapita uku ndi uku pa liwiro lake lake. Wotumiza ndi wolandira akalinganizidwa pa liwiro limodzi amamvana, ndipo mafunde ena onse amangopitirira. Ng'oma ziwiri zokungidwa mofanana zimatero: ina ikalira, inzake imanjenjemera. Njira imeneyi anailembetsa ku boma la Britain mu 1900, pa nambala 7777.

Pa 12 December 1901, ali ku Newfoundland, anakweza waya ndi kaiti, nalengeza kuti wamva chilembo S chochokera ku Poldhu, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Mu 1909 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Karl Ferdinand Braun. Pamene chombo cha Titanic chinamira mu 1912, anthu ngati 700 anapulumuka chifukwa makina ake anaitana chombo cha Carpathia usiku womwewo.

Marconi ndiyenso anamangira Apapa Pius XI wailesi ya ku Vatican. Pa 12 February 1931 Apapawo analankhulapo m'Chilatini, ndipo akhristu a m'maiko akutali anamva mau awo ndi makutu awo.

Komabe munthu salephera kukhala ndi banga. Mu 1923 Marconi analowa chipani cha Mussolini, nachitumikira kufikira imfa yake. Ndiponso mu 1943 bwalo lalikulu la milandu ku America linagamula kuti pa nzeru ija yolinganiza mafunde, ena monga Oliver Lodge ndi Nikola Tesla anali atamtsogolera.

Anamwalira ku Rome pa 20 July 1937. Pomlira, nyumba zambiri za mphepo zinakhala chete mphindi ziwiri, ndipo mlengalenga munangoti zii, monga munaliri iye asanabadwe.