L. Frank Baum: Mlembi yemwe ana adamukaniza kutseka nthano

M'chaka cha 1910, mlembi wina wa ku America, L. Frank Baum, adatopa ndi nthano yomwe idamutchukitsa. Iye adali atalemba mabuku 6 okamba za dziko lopeka la Oz, ndipo pofuna kuti nkhaniyo ithere pomwepo, adalemba kumapeto kwa buku la chaka chimenecho kuti dzikolo laphimbidwa ndi matsenga, moti palibenso munthu angalione kapena kumva za kumeneko.

Koma patangotha zaka zitatu, mkuluyu adalitsekulanso yekha dziko lija. Chidamubweza ndi makalata a ana omwe ankawerenga mabuku ake, komanso ngongole zomwe zidamufika m'khosi.

Adakulira pa mwanaalirenji

Lyman Frank Baum adabadwa pa 15 Meyi 1856 m'tauni ya Chittenango, m'chigawo cha New York. Adali wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana 9, ngakhale kuti amene adakula ndi asanu okha. Bambo ake, a Benjamin Baum, adayamba ndi ntchito yokhoma migolo, kenaka adalemera ndi malonda a mafuta okumbidwa pansi.

Ali ndi zaka 12 adamutumiza kusukulu ya usilikali ku Peekskill, koma mwambo wa kumeneko udamukanika ndipo adabwerera kumudzi patatha zaka ziwiri. Bambo ake adamugulira kamakina kosindikizira, ndipo iye ndi mng'ono wake Harry ankatulutsa kanyuzipepala ka pakhomo.

Atakula adayamba kuweta nkhuku za mtundu wa Hamburg. Buku lake loyamba, lomwe lidatuluka mu 1886, silidali la nthano ayi, koma lophunzitsa kawetedwe ka nkhuku zimenezi. Adalinso wokonda zisudzo, ndipo mu 1882 ankayenda m'matauni ndi sewero lake la The Maid of Arran.

M'chaka chomwecho adakwatira Maud Gage, mwana wa mayi Matilda Joslyn Gage, omwe adali m'modzi mwa atsogoleri omenyera ufulu wa amayi woponya voti. Poyamba mayiwo sadakondwe kuti mwana wawo asiye yunivesite n'kukwatiwa ndi wazisudzo. Komabe ukwati udachitika, ndipo banjali lidadalitsidwa ndi ana aamuna anayi.

Sitolo idagwa ndi ngongole

Mu 1888 banjali lidasamukira ku Aberdeen, tauni ya alimi m'dera lomwe lero ndi South Dakota. Kumeneko Baum adatsegula sitolo ya Baum's Bazaar momwe ankagulitsa zidole, ziwiya zagalasi ndi katundu wina wapamwamba. Tsoka ilo, m'deralo mudagwa chilala. Alimi adalibe ndalama, ndipo Baum ankangopereka katundu pangongole. Mpamba wonse udathera m'buku la ngongole, ndipo kumayambiriro kwa 1890 sitolo idatsekedwa.

Kuchoka apo adakhala mkonzi wa nyuzipepala ya Aberdeen Saturday Pioneer. Apa ndi pomwe pali banga lalikulu pa mbiri yake. Mu Disembala 1890 ndi Januwale 1891, nthawi yomwe mfumu Sitting Bull idaphedwa ndipo asilikali a boma adapha anthu ambirimbiri ku Wounded Knee, Baum adalemba ndemanga ziwiri zolimbikitsa kuti eni nthaka a dzikolo angotheratu. Mu 2006 awiri mwa zidzukulu zake adakapepesa kwa anthu a mtundu wa Sioux kaamba ka mawuwo.

Nyuzipepala ija nayonso idagwa mu 1891, ndipo banjali lidalowera ku Chicago. Kwa zaka zingapo Baum ankayenda m'matauni kutsatsa mbale ndi makapu a kampani ina. Akabwera kunyumba, madzulo ankasonkhanitsa ana ake ndi a anthu oyandikana nawo n'kumawayimbira nthano zopeka yekha. Apongozi ake aja, omwe tsopano adali atamuzolowera, ndiwo adamulimbikitsa kuti azilemba nthanozo.

Buku lake loyamba la ana lidatuluka mu 1897, iye ali ndi zaka 41. Mu 1899 adagwirizana ndi katswiri wojambula, W. W. Denslow, n'kutulutsa buku la ndakatulo la Father Goose, lomwe lidagulidwa kuposa mabuku onse a ana m'chaka chimenecho.

Dziko la Oz

Mu 1900 awiriwa adatulutsa The Wonderful Wizard of Oz. Nthanoyi imakamba za Dorothy, mtsikana wa kumunda ku Kansas, yemwe kamvulumvulu adamunyamula ndi nyumba yomwe, pamodzi ndi galu wake Toto, n'kukamutula kudziko lachilendo. Kuti abwerere kwawo, adayenera kukaonana ndi mkulu wamatsenga wa mumzinda wa Emerald City.

Panjira adapeza anzake atatu: chidole choopsezera mbalame m'munda chomwe chinkafuna nzeru, munthu wachitini wodula mitengo yemwe ankafuna mtima, ndi mkango wamantha womwe unkafuna kulimba mtima. Atafika adapeza kuti wamatsenga uja adali tambwali chabe, munthu wamba wochokera ku Omaha, ndipo zomwe atatuwo ankasaka adali nazo kale.

Mabuku 10,000 oyamba adatha msanga, ndipo kwa zaka ziwiri bukuli lidatsogola pa malonda a mabuku a ana. Sewero loyimba lochokera m'bukuli, lomwe lidayamba ku Chicago mu 1902, lidamubweretsera ndalama zambiri.

Kwa Baum nkhani ya Oz idali itatha, ndipo adayamba kulemba nthano zina. Koma ana sadamusiye. Malinga ndi zomwe iye mwini adafotokoza m'mawu oyamba a buku lachiwiri, kamtsikana kena kadamupempha kuti apitirize, ndipo iye adakalonjeza kuti adzatero pokhapokha atsikana 1,000 atamulembera makalata 1,000. Makalatawo adabweradi, ndipo adaposa pamenepo.

Motero mu 1904 kudatuluka The Marvelous Land of Oz. Nthawiyi Baum adali atasemphana maganizo ndi Denslow, ndipo zithunzi adajambula ndi John R. Neill. Koma m'bukuli mudalibe Dorothy, ndipo makalata adayambiranso, ana akufunsa komwe kudapita mnzawo. Mu 1907 Baum adamubwezeretsa m'buku la Ozma of Oz. M'mawu oyamba a buku la 1908 adadandaula mwanthabwala kuti ali ndi nthano zina zambiri, koma ana sakumulola kuzifotokoza.

Khoti ndi wayilesi

Vuto la Baum lidali loti ndalama ikangolowa ankayiponya m'zisudzo. Mu 1908 adakonza chionetsero chophatikiza kanema, zithunzi, anthu osewera ndi gulu loyimba, iye mwini akufotokozera nkhani. Anthu ankabwera, koma ndalama zapakhomo sizinkakwana kulipira gulu lonselo, ndipo chionetserocho chidaima chaka chisadathe.

Pofuna kubweza ngongole, Baum adapereka kwa ena ufulu wolandira ndalama za mabuku ake oyambirira, kuphatikizapo The Wonderful Wizard of Oz. Sizidakwanebe, ndipo mu Juni 1911 adakavomera kukhoti kuti walephera kubweza ngongole zake. Chidapulumutsa banja n'chakuti katundu wambiri adali m'dzina la mkazi wake Maud, yemwe ndiye ankasunga chikwama pakhomopo. Nthawiyi n'kuti akukhala ku Hollywood, m'nyumba yomwe adayitcha Ozcot.

Atatseka dziko la Oz mu The Emerald City of Oz, adayesa nthano zatsopano, The Sea Fairies mu 1911 ndi Sky Island mu 1912. Malonda ake sadafike pa a Oz. Paja akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Mu 1913 Baum adatulutsa The Patchwork Girl of Oz, ndipo adauza ana kuti m'modzi mwa iwo ndiye adamupatsa nzeru yolumikizana ndi Dorothy kudzera pa makina otumizira mauthenga opanda waya, omwe adali achilendo masiku amenewo.

Kuyambira pamenepo ankatulutsa buku la Oz chaka chilichonse. Trot ndi Cap'n Bill, anthu a m'nthano zatsopano zija, adawasamutsira ku Oz mu 1915. Buku la 1916, Rinkitink in Oz, idali nthano ina yomwe adailemba kalekale, ndipo adangoisintha mathero kuti Dorothy alowemo. Pambali pa izi ankalembanso mabuku a atsikana pogwiritsa ntchito dzina lachikazi loti Edith Van Dyne. Kampani ya mafilimu yomwe adayambitsa ndi anzake mu 1914 nayonso sidakhalitse.

Owerenga amasiyana maganizo

Mpaka lero okonda mabukuwa sagwirizana pa nkhani ya mabuku otsatira. Ena amati buku loyamba ndiye lidali ndi mutu weniweni, mwana wofuna kubwerera kwawo, pomwe ena mwa otsatirawo, monga The Road to Oz la 1909, ndi ulendo chabe wokumana ndi zodabwitsa popanda choopsa chilichonse.

Amalozanso malo omwe Baum ankadzitsutsa. M'buku loyamba muli ndalama ndipo anthu amafa, koma m'mabuku apatsogolo ku Oz kulibe ndalama ndipo imfa kulibe. Wamatsenga uja m'buku lachiwiri akuonetsedwa ngati yemwe adabisa Ozma, mwana wa mfumu, koma atabwerera ku Oz akulandiridwa ngati bwenzi, mlanduwo osakumbidwanso.

Ena amati m'mabuku otsatirawo ndi momwe dzikolo lidakula n'kukhala ndi mbiri, malire ndi mitundu yake ya anthu. Amayamikiranso kuti dziko la Oz limalamulidwa ndi akazi, Ozma ndi Glinda, pa nthawi yomwe amayi ambiri ku America adali asadaloledwe kuvota. Akuluakulu ena a malaibulale sankawafuna mabukuwa, ndipo mu 1957 mkulu wa malaibulale a mumzinda wa Detroit adanena poyera kuti alibe phindu kwa ana. Koma ana adapitiriza kuwawerenga.

Imfa sidatseke nthano

Mu 1918 Baum adachitidwa opaleshoni ya ndulu, ndipo kuchokera apo nthawi yambiri ankalembera pabedi. Adamwalira pa 6 Meyi 1919 atadwala sitiroko, kutatsala masiku 9 kuti akwanitse zaka 63. Adaikidwa m'manda a Forest Lawn ku Glendale. Mabuku ake awiri omaliza adatuluka iye atamwalira kale, ndipo onse pamodzi a Oz adakwana 14.

Kampani yosindikiza idaona kuti msika ukadalipo. Mogwirizana ndi Maud, idalemba ntchito mayi wina wachitsikana, Ruth Plumly Thompson, yemwe adalemba mabuku 19 pakati pa 1921 ndi 1939. Loyamba mwa iwo lidatuluka m'dzina la Baum, ngakhale kuti adalemba ndi mayiyo. Alembi ena adapitiriza, kuphatikizapo Neill wojambula uja, mpaka mabuku adakwana 40 mu 1963.

Maud adakhala ndi moyo mpaka 1953, ndipo adaonera nawo filimu yotchuka ya 1939 momwe Judy Garland adasewera ngati Dorothy. Mu 1995 mlembi Gregory Maguire adatulutsa buku la Wicked lofotokoza moyo wa mfiti ya m'buku loyamba lija, ndipo filimu yochokera m'nkhaniyi idatuluka mu 2024. Mfitiyo adaitcha Elphaba, dzina lomwe adalipanga kuchokera ku zilembo zoyamba za dzina la Baum, L. F. B.