Bambo Jerónimo Nadal ndi Zithunzi za Mthenga Wabwino

Inu okonzekera ubatizo, imvani za Bambo Jerónimo Nadal, wansembe wa cipani ca Yezu monga aja anatsegula mishoni ya Fonte Boa. Anabadwira ku Mallorca mu 1507. Inácio Woyera wa ku Loyola anawapempha kuti akonze buku la zithunzi zothandiza kusinkhasinkha moyo wa Ambuye. Amisiri a ku Antwerp anazokota zithunzi 153 pa mapale a mkuwa. Ankapaka inki m'mizeremo, nakanikiza pepala pamwamba. Malembo A, B, C a pacithunzi ankalozera mafotokozedwe olembedwa m'munsi. Bamboyo anamwalira ku Roma mu 1580 bukulo lisanatuluke. Linasindikizidwa mu 1593, nafika nalo amishoni mpaka ku China. Inunso, katekisti akakuonetsani cithunzi ca Yezu, musafulumire: penyetsetsani mbali imodziimodzi, ndipo mupemphere.