Joseph Black, dotolo amene anafufuza chinsinsi cha moto ndi madzi

Mwezi wa June kumapiri a Dowa ndi Ntchisi kumazizira koopsa. Mayi akateleka madzi osamba m'mamawa, poto amatentha nthawi yomweyo koma madziwo amachedwa. Yemwe anafotokoza chifukwa chake ndi Joseph Black.

Mkuluyu anabadwa mu 1728 ku Bordeaux m'dziko la France, komwe bambo ake ankachita malonda a vinyo. Anaphunzira zaudotolo ku Scotland, ndipo mu 1756 anayamba kuphunzitsa payunivesite ya Glasgow.

Kumeneko anapeza kuti zinthu zolemera mofanana sizilira moto wofanana kuti zitenthe. Lero zikudziwika kuti kilogalamu ya madzi imafuna moto wochuluka pafupifupi ka 9 kuposa kilogalamu ya chitsulo. N'chifukwa chake madzi amachedwanso kuzizira.

Anaonanso kuti madzi akawira sapitiriza kutentha, moto wonse umangowasandutsa nthunzi. Choncho kusonkhezera nkhuni zambiri nyemba zikubwata kale n'kusakaza mitengo chabe, chikhalirecho nkhalango zikutha.

Black sanakwatirepo. Anamwalira mu 1799 ku Edinburgh atakhala pampando, kapu ya mkaka ili pamaondo, osatayika ngakhale dontho.