Saro-Wiwa atanyongedwa mpira udaima, koma mafuta ankayendabe

Okonda mpira achikulire akamakamba za chikho cha Africa cha 1996 amakumbukira zinthu ziwiri: Bafana Bafana kutenga chikho pakhomo pawo, ndi Kalusha Bwalya kuchinya zigoli 5 mpaka Zambia kukhala pa nambala yachitatu. Ine ndikawafunsa kuti nanga Nigeria, eni chikho amene adagonjetsa Zambia yomweyo 2-1 ku Tunisia mu 1994, adali kuti, ambiri amangoti adanyanyala basi. Gwero la kunyanyalako lidali bambo wina wamfupi wokonda kusuta kaliwo, amene sadali wampira n'komwe, malemu Ken Saro-Wiwa.

Mkuluyu adabadwa pa 10 October 1941 ku Bori, pakati pa mtundu waung'ono wa a Ogoni, kumene mtsinje wa Niger umagawikana usanathire m'nyanja. Adaphunzira Chingerezi pa yunivesite ya Ibadan. Nkhondo ya Biafra itabuka mu 1967 iye adakhala mbali ya boma la Nigeria, poopa kuti mu Biafra a Ogoni adzangosanduka ana opeza a mtundu waukulu wa a Igbo. Boma lidampatsa udindo woyang'anira doko la Bonny, kenaka adakhala nduna ya maphunziro m'chigawo cha Rivers mpaka mu 1973 pamene adamchotsa.

Ntchito itatha sadakhale pansi kudandaula. Adatsegula gulosale, nayamba kugulitsa katundu ndi kumanga nyumba, ndipo ndalama za geniyo ndi zimene ankasindikizira mabuku ake. Buku lake lodziwika, Sozaboy, la mu 1985, adalilemba dala m'Chingerezi chothyokathyoka cha mnyamata wosaphunzira amene adalowa usilikali asakudziwa chimene akumenyera. Koma anthu wamba ankamudziwa chifukwa cha sewero la pa TV la Basi & Company, lonena za kamberembere wa mu Lagos wolota kulemera osagwira ntchito. Basi ameneyu ndi dzina la munthu, si basi wathu uja ayi.

Kwao zinthu zidali zitaipa. Kampani ya Shell idayamba kupopa mafuta ku Ogoni cha m'ma 1958. Mapaipi ankadutsa m'minda, akaphulika nsomba n'kufa, chinangwa n'kuuma, ndipo moto wa gasi unkayaka usana ndi usiku pafupi ndi midzi. Ndalama zonse zinkapita ku boma ndi ku makampani. Mu 1990 Saro-Wiwa ndi anzake adayambitsa bungwe la MOSOP, ndipo pa 4 January 1993 anthu pafupifupi 300,000, mwa a Ogoni onse amene ankayerekezedwa kuti alipo 500,000, adayenda mwamtendere m'misewu. Chaka chomwecho Shell idachotsa antchito ake m'deralo.

Sindikufuna kumusandutsa mngelo. Adali munthu wamakani, ndipo pamene adakakamira kuti a Ogoni anyanyale chisankho cha pulezidenti cha pa 12 June 1993, bungwe lidagawikana, akuluakulu ena n'kutula maudindo. Chisankhocho asilikali adachithetsa ataona kuti Moshood Abiola wapambana, ndipo mu November Sani Abacha adalanda boma. Pa 21 May 1994 gulu la anthu lidapha akuluakulu anayi a Ogoni ku Giokoo, mmodzi mwa iwo Edward Kobani, amene adasemphana ndi Saro-Wiwa pa nkhani ya chisankho ija. Saro-Wiwa sadali pamalopo, apolisi adali atamubweza panjira tsikulo. Komabe adamumanga kuti ndiye adauza anyamata kuti aphe.

Mlandu sudapite ku khoti wamba. Udazengedwa ndi bwalo lapadera losankhidwa ndi Abacha, momwe mudali msilikali, lopanda apilo. Maloya ake, motsogozedwa ndi Gani Fawehinmi, adausiya mlanduwo poona kuti chigamulo chidalembedwa kale. Mboni ziwiri pambuyo pake zidalumbira kuti zidachita kupatsidwa ziphuphu. Pa 10 November 1995 Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu adanyongedwa m'ndende ya Port Harcourt, atsogoleri a Commonwealth ali pamsonkhano ku Auckland.

Apa ndiye pali nkhani yanga. Nelson Mandela adali atayesa kunyengerera mwakachetechete, mpaka kutuma Desmond Tutu ndi Thabo Mbeki kwa Abacha, ndipo kunyongako kudamuchititsa manyazi pamaso pa dziko lonse. Adapsa mtima. Commonwealth idaimitsa Nigeria. Maiko a ku Ulaya adaletsa kuigulitsa zida, adakaniza ma visa akuluakulu a asilikali, adaletsanso matimu a Nigeria kukasewera kwao. South Africa idauza Super Eagles kuti isabwerenso ku mpikisano wa maiko anayi umene idaitanidwa mwezi womwewo. Abacha adabwezera poletsa timuyo kupita ku chikho cha Africa cha January 1996, ati anyamata ake sakakhala otetezeka ku South Africa. Bungwe la CAF lidawonjezera chilango, Nigeria osaseweranso chikho cha 1998 ku Burkina Faso.

Tsono taonani amene adalira. Ndi anyamata monga Jay-Jay Okocha, Daniel Amokachi ndi Nwankwo Kanu, amene zikho ziwiri zidawadutsa ali pachimake, ndi ochemerera a mu Lagos amene sadanyonge munthu. Ndipo ngakhale mpanda wa mpirawo udali wobooka: mu August 1996 timu ya Nigeria idatenga golide wa Olympics ya ku Atlanta itachinya Argentina 3-2, boma la Abacha n'kumavina ngati zigolizo ndi zake.

Chimene Mandela ankafunitsitsa chidali chakuti maiko asiye kugula mafuta a Nigeria, poti mafutawo ndiwo ankabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 pa 100 iliyonse. Apa aliyense adayang'ana kumbali. America ndiye adali kasitomala wamkulu, Britain ndi Netherlands ndi kwao kwa Shell, ndipo atsogoleri a mu Africa muno sadamuthandize. Mabungwe monga Greenpeace adapempha oyendetsa galimoto kuti asamamwetse pa Shell, ena adamveradi, koma sitima za mafuta sizidaime ngakhale tsiku limodzi. Chaka cha 1995 chisanathe, Shell ndi makampani anzake adagwirizana zopitiriza ntchito yaikulu ya gasi ku Bonny, doko lomwe lija ankayang'anira Saro-Wiwa.

Inu a geni mukudziwa bwino kuti wogulitsa saopa kasitomala wotukwana amene akulipirabe. Ife kuno tidaona zina. Mu May 1992 maiko otithandiza adakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo la chitukuko ku boma la Dr Banda, ndipo patangopita miyezi 13 tidavota pa riferendamu ya pa 14 June 1993, masiku awiri chichitikire chisankho cha ku Nigeria chija. Kusiyana kwake n'kwakuti Malawi adalibe mafuta. Kutilanga ife sikudawapweteke m'thumba olangawo, ndiye adalimba mtima. Kwa Abacha adasankha chilango chotchipa.

Abacha adalamulirabe mpaka imfa idamupeza pa 8 June 1998, kutatsala masiku awiri kuti World Cup iyambe ku France, kumene Super Eagles idakasewera bwinobwino. Nigeria idabwerera mu Commonwealth mu 1999. Mu 2009 Shell idalipira madola 15.5 miliyoni kuti mlandu umene mabanja a ophedwawo adakasuma ku New York uthere kunja kwa khoti, koma sidavomere kulakwa. Mu 2011 bungwe la United Nations loona za chilengedwe lidapeza kuti kuyeretsa nthaka ndi madzi a ku Ogoni kungatenge zaka 25 mpaka 30. Ndipo mu June 2025 Pulezidenti Bola Tinubu adalengeza kuti wakhululukira Saro-Wiwa ndi anzake aja. Abale awo ndi omenyera ufulu ambiri sadakhutire: iwo akufuna boma linene poyera kuti anthu asanu ndi anayiwo sadapalamule mlandu uliwonse.