Chandragupta Maurya, Mfumu Imene Inkaopa Kugona

Amwenye akale ankalota za mfumu yoposa mafumu onse. Ankaitchula kuti chakravartin, ndiye kuti munthu amene gudumu la galeta lake limagubuduka paliponse popanda woliletsa. Achipembedzo cha Jain amaphunzitsa kuti mafumu otere amabadwa 12 okha pa nyengo yaitali zedi, ndipo woyamba anali Bharata. Nthano yawo imati Bharata atagonjetsa maiko onse, gudumu lija linakana kulowa mumzinda wake wa Ayodhya chifukwa abale ake anali asanamugwadire. Mmodzi mwa iwo, Bahubali, analimbana naye namugonjetsa, koma pomwepo ananyansidwa nazo, nasiya ufumu n'kulowera kuthengo.

Chandragupta Maurya sali m'gulu la 12 aja, komabe mu mbiri yeniyeni ya India ndiye woyamba amene anayandikira maloto amenewa. Anali mnyamata pamene Alexander wa ku Macedonia anafika ndi nkhondo ku mtsinje wa Indus m'chaka cha 326 Yesu asanabadwe. Alexander atabwerera, Chandragupta anasonkhanitsa asilikali, mothandizidwa ndi mlangizi wake wochenjera Chanakya, ndipo cha m'ma 321 analanda ufumu wa banja la Nanda pamodzi ndi likulu lake Pataliputra, pamene lero pali mzinda wa Patna.

Cha m'ma 305 kunabwera Seleucus, mmodzi mwa akuluakulu a nkhondo a Alexander, kudzafuna maiko a mbuye wake. Zinamukanika. Pa mgwirizano wawo anapereka madera aakulu a kumadzulo kwa Indus, mpaka mbali ina ya Afghanistan wa lero, iye n'kulandira njovu 500. Kwa ife amene timangoziona njovu zikudya mwamtendere ku Liwonde, n'zovuta kuganiza kuti nyama zimenezi zinali zida zoopsa, koma zinamuthandiza Seleucus kupambana nkhondo ya ku Ipsus mu 301.

Seleucus anatumiza kazembe wake Megasthenes ku Pataliputra, ndipo zimene analemba zimatilowetsa m'nyumba ya mfumuyi. Inkalonderedwa ndi akazi onyamula zida. Masana sinkagona, ndipo usiku inkasinthasintha pogona poopa achiwembu. Taganizani: munthu wolamula dziko lochokera ku Bengal mpaka ku mapiri a Afghanistan, koma wosowa chipinda chimodzi chogonamo mtima uli m'malo! Gudumu lake linayenda kutali, koma ngati la Bharata, linavutikira pakhomo.

Za mathero ake timazimva kwa a Jain, m'zolemba zimene zinalembedwa patapita zaka mazana ambiri. Amati mphunzitsi wawo Bhadrabahu analosera njala ya zaka 12. Agogo athu a ku Balaka ndi Machinga amene anaona njala ya 1949 angatiuze zimene chaka chimodzi chokha chimachita kwa anthu, nanga 12? Mfumu ya asilikali osawerengeka inalibe mkondo wolasira chilala. Cha m'ma 297 Chandragupta anasiyira ufumu mwana wake Bindusara, navula zachifumu, n'kutsata Bhadrabahu ulendo wa kumwera, mpaka ku Shravanabelagola m'chigawo cha Karnataka. Kumeneko anakhala ngati mmonke wopemphetsa chakudya, ndipo pomaliza anamwalira mwa mwambo wa sallekhana, kuchepetsa chakudya pang'onopang'ono mpaka imfa. Ichi n'chinthu chimene ife Akhristu sitingachivomereze, ngakhale a Jain amanenetsa kuti si kudzipha, koma kulekana ndi thupi mwamtendere nthawi ikakwana. Ena anganenenso kuti mfumu yosiya anthu ake pa njala yathawa udindo, ndipo funso limeneli si lopepuka.

Ufumu sunagwe. Mdzukulu wake Ashoka anaukulitsa, ndipo gudumu la pa zipilala zake ndi limene lili pakati pa mbendera ya India. Phiri limene Chandragupta anaferapo limatchedwa Chandragiri. Pa phiri loyang'anizana nalo, cha m'ma 981 Yesu atabadwa, nduna ina yotchedwa Chamundaraya inasemetsa chiboliboli cha mwala umodzi, chotalika mamita pafupifupi 17. Ndi cha Bahubali uja, ali chiimire wopanda chovala, zomera zoyanga zikumukwera m'miyendo.