Otto Loewi ndi Mitima Iwiri ya Achule

Mukathamanga, mtima wanu umagunda mofulumira. Mukakhala pansi kuti mupume, umayamba kugunda pang'onopang'ono. Kodi chimauuza mtimawo kuti uchepetse liwiro n'chiyani? Munthu amene anathandiza kwambiri kuyankha funso limeneli anali Otto Loewi.

Otto anabadwa pa 3 June 1873 mumzinda wa Frankfurt, m'dziko la Germany. Makolo ake anali Ayuda, ndipo bambo ake ankagulitsa vinyo. Ali mnyamata ankafuna kuphunzira mbiri ya zojambulajambula, koma abale ake anamulimbikitsa kuti achite udokotala. Anaphunzira ku Munich ndi ku Strasbourg, ndipo anamaliza mu 1896. Atayamba ntchito pachipatala cha mumzinda wa kwawo, anaona anthu ambiri akufa ndi chifuwa chachikulu komanso chibayo, madokotala akungoyang'ana chifukwa mankhwala ochiza matendawo kunalibe. Zimenezi zinamupweteka mtima kwambiri, moti anasiya ntchito ya m'chipatala n'kuyamba kufufuza mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi. Mu 1909 anakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Graz ku Austria.

Pa nthawiyo akatswiri ankadziwa kuti m'thupi muli mitsempha yotumiza mauthenga kuchokera ku ubongo kupita ku ziwalo. Koma ankatsutsana pa mfundo imodzi. Uthenga ukafika kumapeto kwa mtsempha, umawoloka bwanji kuti ulowe m'chiwalo? Ambiri ankati umadumpha ngati mphamvu ya magetsi. Ena ochepa ankati mtsempha umatulutsa mankhwala. Umboni wogwira mtima panalibe.

Malinga ndi mmene iye mwini anafotokozera, nzeru yothetsera mkanganowu inamubwerera ali m'tulo. Anadzidzimuka usiku, nalemba pakapepala, n'kugonanso. Kutacha, analephera kuwerenga zimene analembazo, ndipo tsiku lonselo anakhala wosowa mtendere. Usiku wotsatira, cha m'ma 3 koloko, nzeru ija inabweranso. Ulendo uno sanazengereze. Anadzuka n'kupita kunyumba yake yochitira kafukufuku.

Kumeneko anatenga mitima iwiri ya achule. Mtima wa chule umapitiriza kugunda kwa kanthawi ngakhale utachotsedwa m'thupi, bola ukhale ndi madzi amchere oyenera. Mtima woyamba anausiya ndi mtsempha wake wotchedwa vagus, pamene wachiwiri unalibe mtsemphawo. Atagwedeza mtsempha wa vagus ndi magetsi ochepa, mtima woyamba unayamba kugunda pang'onopang'ono. Kenaka anatunga madzi a mumtima woyambawo n'kuwathira mumtima wachiwiri. Nawonso unachepetsa liwiro, ngakhale kuti magetsi sanaukhudze! Apa zinaonekeratu kuti mtsempha uja unatulutsa mankhwala amene anasakanikirana ndi madziwo. Loewi anafalitsa zimene anapezazi mu 1921. Patapita zaka zingapo, zinatsimikizika kuti mankhwalawo ndi acetylcholine.

Loewi anali ndi bwenzi lake la ku England, dzina lake Henry Dale, amene anadziwana naye ku London mu 1902. Mu 1914 Dale anali ataona kale kuti acetylcholine amagwira ntchito m'njira ziwiri. M'malo ena a thupi amachita ngati nicotine wa mufodya. M'malo ena, monga mumtima, amachita ngati muscarine, poizoni wopezeka mu bowa wina wofiira wa mawanga oyera. N'chifukwa chake zolandirira uthenga za mumtima zimatchedwa za muscarine mpaka lero.

Kodi cholandirira n'chiyani? Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Pakhungu la selo iliyonse pali zolandirira, zomwe zili ngati loko wa pachitseko. Acetylcholine ali ngati kiyi wokwana m'loko ameneyo. Iye salowa m'kati mwa selo. Amangokhala pacholandirira, ndipo cholandiriracho chimasintha kaumbidwe kake n'kudzutsa puloteni ina ya m'kati yotchedwa G. M'maselo a mtima, puloteniyo imatsegula timakomo totulukira potaziyamu. Potaziyamu akatuluka, selo imachedwa kukonzekera kugunda kwina, choncho mtima umadekha. Posakhalitsa, chinthu china cha m'thupi chimaphwanya acetylcholine uja kuti uthenga usapitirire muyezo. Akatswiri amene anabwera pambuyo pa Loewi anapeza kuti zolandirira za muscarine zilipo mitundu isanu, kuyambira M1 mpaka M5. Za mumtima zambiri ndi za mtundu wa M2. Zina zimathandiza kutulutsa malovu ndi thukuta, kuyendetsa chakudya m'matumbo, ndiponso kuchepetsa kukula kwa mwanadiso pakawala kwambiri.

Mu 1936 Loewi ndi Dale analandira limodzi Mphoto ya Nobel. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mu March 1938 boma la Nazi la Adolf Hitler linalanda dziko la Austria, ndipo Loewi anamangidwa pamodzi ndi ana ake aamuna awiri. Mlandu wake unali wakuti anali Myuda. Ali m'ndende, chinamudetsa nkhawa kwambiri chinali chakuti angafe asanauze anzake zimene anali atangopeza kumene pa kafukufuku wake. Motero anapempha pensulo n'kulemba zotsatirazo mwachidule kuti zitumizidwe kwa osindikiza. Pambuyo pake anamasulidwa, koma kuti atuluke m'dzikomo anakakamizidwa kupereka chuma chake, ngakhalenso ndalama za mphoto ija.

Anachoka chimanjamanja ali ndi zaka 65. Anagwira ntchito kwa kanthawi ku Brussels ndi ku Oxford, kenaka mu 1940 anafika ku New York, kumene anayambanso kuphunzitsa pa yunivesite. Mu 1946 anakhala nzika ya United States. Anamwalira pa 25 December 1961, ali ndi zaka 88.

Ntchito ya Loewi ikupulumutsabe miyoyo. Mankhwala ena ophera tizilombo m'minda akalowa m'thupi la munthu, amalepheretsa thupi kuphwanya acetylcholine. Zikatero, uthenga umachuluka mopitirira muyezo: malovu amatuluka osaleka, mtima umachedwa kwambiri, ndipo munthu amabanika. Kuchipatala madokotala amamubaya atropine, amene amakhala pa zolandirira za muscarine n'kutsekereza acetylcholine kuti asafikepo. Alimi ndi antchito a m'mafamu ambiri ali ndi moyo chifukwa cha nzeru imeneyi. Asilikali anamulanda Loewi nyumba, ndalama ndi dziko lomwe, koma zimene anaphunzira pa mitima iwiri ya achule palibe amene anatha kuzilanda.